Masiku Khumi ndi Anayi a Sajeni

"Ndiye mukuti mawa sindipita ku kiliniki?"

Joanna anafunsa ataima pakhomo, dzanja limodzi litagwira chitseko, linalo lili pansi pa mchombo pamene madokotala a ku boma anang'amba potulutsa mwana masiku asanu ndi anayi apitawo. Mwamuna wake Wadson sanacheuke. Anali atagwada patsinde pa mango, akutsuka chifuwa cha bulu wake ndi kansalu koviika m'madzi amchere.

"Sindinati supita. Ndati upita sabata yamawa."

"Anamwino anati Lachiwiri. Analemba ndi pakhadi pomwe. Akuti ulusi ukakhalitsa umadya mnofu."

"Upita pa chiyani? Njinga unakana wekha, ukuti ikugwedeza. Ngolo ndi iyo yagona apo. Akoke ndani? Ine?"

"Sajeni."

Wadson anadzambatuka ngati waponda khala la moto. "Iwe Joanna, mutu uli bwino? Tabwera kuno uone."

Sajeni ndiye anali bulu uja, chuma chokha choyenda ndi miyendo inayi pakhomopo. Lamba wa tayala amene ankakokera ngolo anamutupitsa pachifuwa, chotupacho chinakula ngati papaya. Lolemba lapitalo, Joanna ali gone kuchipatala, a Agostino alangizi a ziweto anabwera nachicheka, nasoka balalo.

"Ukuona?" anatero Wadson, akuloza ndi chala koma osakhudza. "Mfundo khumi ndi imodzi. Iliyonse anamanga payokha, kuti ina ikaduka zinzake zigwire. Timapaipi iti n'ta diripi, anatidula tifupitifupi, ulusi ukukhala pamwamba pake kuti usacheke chikopa. Pansi apa anasiya dala kampata kotulukira madzi oipa. A Agostino si munthu wamba. Anaphunzirira pa akavalo kumafamu a ku Chisamba. Akuti kumeneko amangomanga chikopa ndi timawaya tonga tomangira mapepala a mayeso, kha, kha, kha, kwatha. Koma pachifuwa pamakokeka, pamafuna ulusi. Ndipo anandilumbiritsa: masiku khumi ndi anayi lamba asakhudze apa. Lero ndi lachisanu ndi chiwiri."

"Mwaloweza ngati katekisimu."

"Usaseke. Bulu uyu akalumala, tidzasenza pamutu moyo wathu wonse."

"Nanga zanga ndi zingati?"

"Zako chiyani?"

"Mfundo. Pamimba panga pano."

Wadson anafinya kansalu kaja nthawi yaitali, madzi atatha kale. "Ine za m'chikuta ndiziona bwanji? Mwamuna saloledwa."

"Chikuta chinatha dzulo."

"Chinathadi!" Anali mawu a aNambewe, amayi ake a Wadson, akutulukira kuseri kwa nkhokwe ndi mtanga wa chimanga pamutu. Anautula pansi, napukuta thukuta ndi mpango. "Chinatha, mtengwa wanga. Mchombo wa mwana unagwa, tamumeta, tamutcha dzina. Chithokozo watuluka panja, waona dzuwa. Nanga mayi wake adikiranso chiyani m'nyumba? Mphuno nayo igwe?"

"Amayi, anandiuza kuti miyezi itatu ndisanyamule cholemera kuposa mwana."

"Miyezi itatu! Ha! Anamwinowo amadya za m'sitolo. Kodi anakuuza kuti chiswe nachonso chidikira miyezi itatu? Mikukwe ikadali kumunda, theka lonse. Loweruka lino anthu amasula ng'ombe ndi mbuzi, alengeza kale. Ukufuna tidzatole zitsononkho?"

"Sindikukana ntchito, amayi."

"Ine Wadson uyu ndinamubereka mmawa. Mchombo wake utagwa, tsiku lomwelo ndinasinja mitondo iwiri. Ana asanu ndi awiri, onse chimodzimodzi. Khasu liposa mako ndi tate."

"Inu simunang'ambidwe."

"Eya, chifukwa ndinalimbika. Ana amakono ululu ukangoyamba, mwati bweretsani mpeni. Kumeneko n'kubereka kapena kutsegula thumba la fetereza?"

Joanna anayang'ana mwamuna wake. Ankadikira liwu limodzi lokha. Wadson anali kuthamangitsa ntchentche pachifuwa cha Sajeni ndi kanthambi ka mango.

"Abambo a Chitho, simuyankhapo?"

"Mutu umodzi susenza denga, Joanna. Ine ndikututa panjinga, amayi akusenza ndi ukalamba wawo womwewo. Anthu akaona iwe uli khale pakhonde adzati chiyani? Uzisenza pang'onopang'ono. Osadzaza mtanga. Sajeni akachira Lolemba, ndikutengera ku kiliniki ngati mfumukazi. Nonse awiri muchotsedwa ulusi sabata imodzi."

Anaseka kuti mkazi wake asekenso. Joanna sanaseke. Analowa m'nyumba mwakachetechete, akuyenda chowerama ngati munthu wofunafuna singano pansi.

Mwana anali m'tulo, timanja tili m'mwamba. Joanna anakhala pamphasa namuyang'ana, koma maganizo anathawira kumsika wa ku Chadiza zaka ziwiri zapitazo, tsiku limene mvula inamutsekereza ndi dengu lake la tomato. Mnyamata wa ngolo anaima, nati kwerani achemwali. Anamufunditsa chiguduli chake, iye nanyowa. Njira yonse sanamenye bulu ngakhale kamodzi. "Musiyeni ayende pang'onopang'ono," anatero, "njira iyi yafupika kwambiri lero." Chifukwa cha mawu amenewo Joanna anasiya mudzi wa amayi ake ku Zemba, navomera chitengwa kuno kwa Zingalume. Iwe chikondi, umabisala kuti chimanga chikauma?

Lachiwiri, tsiku lolembedwa pakhadi lija, Joanna anabereka mwana kumbuyo natenga mtanga.

Munda unali kutsidya kwa dambo. Mphepo ya June inkaomba mapesi ouma, thambo lili mbuu. Ulendo woyamba anasenza theka la mtanga. Wachiwiri aNambewe anaonjezera ziso zingapo za chimanga ndi manja awo. "Ukusenza mtanga kapena chipewa?" Pofika ulendo wachinayi mtanga unali wodzaza ngati wa wina aliyense. Akakweza manja kuti autwike, ankamva ngati wina akukoka chingwe m'kati mwa mimba. Ankaluma mlomo, nayamba kuyenda.

Nthawi iliyonse akafika pakhomo ankadutsa pa mango paja. Sajeni anali mumthunzi, pamaso pake pali makoko a mtedza ndi madeya, madzi ali m'beseni lochapira la Joanna. Wadson anali atamumangira ndodo kuchokera pachibwano mpaka pamimba kuti asafikire ulusi ndi mano. Buluyo ankayang'ana Joanna ndi maso ake aakulu achisoni.

"Usandiyang'ane choncho," Joanna anamuuza Lachitatu. "Iwe ulibe mlandu. Unangopeza dokotala amene amamvedwa."

Lachinayi mmawa anagwira mwamuna wake malaya asanakwere njinga.

"Nsalu yapabala yanyowa. Pakutuluka madzi."

"Madzi otani?"

"Ofiirira. Ndipo pakutentha."

Nkhope ya Wadson inagwa. Anagwira dzanja la mkazi wake monga ankachitira kale, chala chake chachikulu chikusisita kuseri kwa chikhatho. Joanna anaganiza kuti mnyamata wa mvula uja wabwerera.

"Jo, kwangotsala mikukwe isanu ndi umodzi. Lero ndi mawa basi. Ukatero sudzagwiranso ngakhale tsache, ndalumbira. Ngakhale a Agostino anati bala likamachira limatulutsa timadzi."

"Ananena za yani?"

"Bala ndi bala."

"Ndiye ndipatseni masiku khumi ndi anayi anga."

Wadson anasiya dzanjalo, nakwera njinga.

Zinachitika masana a tsiku lomwelo, pokwera kuchoka m'dambo. Phazi linaterereka pamwala, Joanna anadzikoka kuti mwana asagwe, ndipo anamva kanthu kakuduka pansi pa mchombo, kenaka kena, kenanso. Sanakuwe. Anatula mtanga bwinobwino, osataya ndi chiso chimodzi chomwe, nakhala pansi m'njira. Chitenje chinayamba kuda kutsogolo.

Anamupeza ndi aNambewe. Anamugwiriziza mpaka kunyumba, natseka chitseko, namasula nsalu ija. Mbali imodzi ya bala inali itayasama, ulusi uli lendelende, mnofu uli psuu.

"Mayo ine," ananong'ona. "Wadson! Lowa kuno!"

"Ndilowe?"

"Lowa, mwambo unatha!"

Aka kanali koyamba kuti Wadson aone pamene panatulukira mwana wake. Anayang'ana kamodzi natembenukira kukhoma.

"Tipite ku kiliniki," anatero Joanna.

"Tikanena kuti chiyani?" anafunsa aNambewe. "Anamwino aja pakamwa pawo mpoposa tsabola. Adzatiimika pamaso pa amayi onse a sikelo, ati onani mfiti zosenzetsa mtanga munthu wa opaleshoni. Lamulungu nkhani idzakhala itafika kutchalitchi. Ine wapampando wa chigwirizano cha amayi, ndidzaimanso bwanji kutsogolo? Bongololo sadzolera mafuta pagulu. Tiyambe taona za pakhomo pano."

Wadson anatuluka, nabwera ndi chitini cha mankhwala opopera amene a Agostino anasiyira Sajeni, amtundu ngati wa jivi wopaka pabala.

"Awa ndi amphamvu. Kwa Sajeni ntchentche sizitera n'komwe."

Anagwedeza chitini, napopera. Joanna anakanda mphasa ndi zikhadabo, misozi ikutsikira m'makutu. Ululu utachepa anayang'ana mimba yake, yomwe tsopano inali ndi mtundu umodzi ndi chifuwa cha bulu. Anaseka kaphwete kowawa.

"Zikomo, abambo a Chitho. Lero mwandikweza udindo. Ndafika pa Sajeni."

Kutacha Lachisanu thupi lake linali ngati mbaula. Ankanjenjemera mano kuchita kulira, mwana akayamwa ankangolira. M'nyumba munayamba kafungo. Wadson anakwera njinga osanena kumene akupita.

Dzuwa lili pamutu anabwera ndi a Agostino, bambo wamfupi waimvi m'ndevu, chikwama chawo chili pakaliyala. Anatsamiritsa njinga pamango, nagwada pamaso pa bulu.

"Nanga mwandithamangitsiranji, a Wadson? Mwati ulusi waduka, ulusi uti? Onani kukongola kwake. Zonse khumi ndi imodzi zili nji! Ndikanakhala ndi alimi khumi osamala ngati inu, bwenzi ndikugona masana."

"Si uyu, adokotala."

"Mwagula wina?"

"Ali m'nyumba."

A Agostino anayang'ana Wadson, nayang'ana aNambewe amene anali pakhonde ndi mwana m'manja. Anaodira pakhomo, nalowa. Sanakhalitsemo. Potuluka anali atavula chipewa.

"Mwapopera mankhwala a ziweto pa munthu?"

"Tinati mwina..."

"Ndiye mwandiitana kuti nditani?"

"Mungosokako pang'ono," anatero Wadson, maso ali pansi. "Singano muli nayo, ulusi muli nawo. Dzanja lanu ndalionera pa Sajeni. Palibe amene adziwe."

"Inde, bambo," aNambewe anathirirapo. "Mfundo zitatu zokha. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa."

"Amayi, kalumo kanga n'ka mbuzi ndi abulu. Ndipo ngakhale akanakhala bulu, sindikanasoka. Bala loti latseguka, lalowa dothi, layamba mafinya, salitseka pamwamba. Ukatseka, watsekera imfa m'kati. Chimene mukuona inu ndi khungu chabe. Pansi pake pali mnofu wosokedwa, pansi pakenso pali chiberekero chosokedwa. Ndani akudziwa kuti kwaduka mpaka pati? Anasenza chiyani mwanayu?"

Mulu wa chimanga pafupi ndi nkhokwe unayankha wokha.

"Masiku angati chichitireni opaleshoni?"

"Mawa akwana sabata ziwiri," anatero Wadson. "Koma mchombo wa mwana unagwa kale."

"Mchombo wa mwana! Kodi anang'ambidwa ndi mwana? A Wadson, ine ndinakupatsani masiku khumi ndi anayi a bulu, mwawasunga ngati malamulo khumi. Anamwino anakupatsani angati a mkazi wanu?"

"Miyezi itatu."

"Mwasunga angati?"

A Agostino sanadikire yankho. Anakwera pachulu pamene foni imagwira, naimba ku kiliniki. Anabwerako akupukusa mutu. Ambulansi inali itapita ndi wodwala wina, ndipo ngakhale ikanakhalapo, njira ya kumudziko galimoto silowa chigumukireni kamlatho. Anafunika kumufikitsa Joanna okha ku kiliniki. Ng'ombe zonse za m'mudzi zinali kuminda yakutali, aliyense akuthamangitsana ndi Loweruka.

"Mangani ngolo."

"Pa Sajeni? Lero ndi la khumi ndi chimodzi. Munanena nokha kuti..."

"Ndinanena ndine, ndipo ndikumasula ndine! Bulu ndidzamusokanso. Uyu ali m'nyumbayu akapita, mudzamusoka ndi chiyani?"

Anakulunga lamba ndi bulangeti lakale kuti asakhule kwambiri. Anayala matiresi m'ngolo, namugoneka Joanna, namufunditsa zitenje ziwiri. ANambewe anabereka mwana natsatira pambuyo. A Agostino anagwira chingwe kutsogolo, Wadson akukankha.

Joanna ankaona thambo lokha, ndi nsonga za mitengo zikudutsa pang'onopang'ono. Malungo anamusokoneza. Nthawi zina ankaganiza kuti mvula ikugwa, kuti dengu la tomato lili pamiyendo pake, kuti wina amufunditsa chiguduli. Ngolo ikagunda mwala ankabwerera, namva kunyowa kukufalikira pansi pa chitenje.

Anafika pakamtsinje kouma, pamene mchenga umameza mateyala. Sajeni anatsika bwino, koma pokwera tsidya linalo ngolo inatitimira. Buluyo anaponda mwamphamvu, naweramitsa mutu, nakoka ndi chifuwa chonse. Ngolo inasuntha. Bulangeti lija linayamba kufiira.

"Imani!" Wadson anakuwa, nasiya kukankha, nathamangira kutsogolo. "Imani, adokotala! Akutuluka magazi!"

Joanna anatsegula maso. Anayesa kudzutsa mutu kuti amuuze kuti asaope, kuti iye akadali moyo, kuti magaziwo anayamba kalekale. Koma Wadson anadutsa pambali pa ngolo osayang'anamo. Anagwada mumchenga, manja onse awiri ali pachifuwa cha bulu.

"Zaduka zinayi! Mayo, Sajeni wanga, zaduka zinayi!"

Ngolo yopanda wokankha inabwerera m'mbuyo pang'ono, nigwedezeka. Ngakhale aNambewe anaima chilili, dzanja lili pakamwa.

"Wadson," anatero mayi ake motsitsa, "bwerera ukakankhe."

Apo m'pamene Wadson anatembenuka. Maso ake anakumana ndi a mkazi wake pamwamba pa thabwa la ngolo. Joanna sanalire, sanatukwane. Anangomuyang'ana monga munthu amayang'anira nyumba imene anakhalamo kale, kenaka anatembenuzira nkhope kumbali.

Ku kiliniki anamwino sanatukwane aliyense. Analibe nthawi. Anamuika diripi, ndipo dzuwa lisanalowe ambulansi inabwerako nimutengera ku chipatala cha ku boma. Kumeneko anachotsa ulusi wonse wotsala, natsuka bala, nalisiya lotsegula. Tsiku ndi tsiku ankalitsuka ndi kulowetsamo nsalu zoyera, Joanna akuluma pilo. Madokotala anati Mulungu anamukonda, zam'kati sizinaduke. Patapita masiku khumi, mnofu utayera, anamusokanso kachiwiri.

ANambewe anamudikirira masiku atatu oyamba, mpaka amayi ake a Joanna atafika kuchokera ku Zemba. Tsiku lochoka anaima kumiyendo kwa bedi nthawi yaitali, akupotokola nsonga ya mpango.

"Mwanawe, ine sindinang'ambidwepo. Sindinkadziwa."

"Ndinakuuzani, amayi."

"Unandiuzadi."

Wadson ankabwera panjinga masiku alionse oonera odwala, ndi nthochi, ndi maheu m'botolo. Joanna ankayankha moni, nalandira, nathokoza monga amathokozera mlendo. Nkhani zonse ankayambitsa ndi Wadson. Chimanga chonse chinalowa m'nkhokwe, mbuzi zinangodya mkukwe umodzi. A Agostino anakana kumusokanso Sajeni, anati papole pokha kuchokera pansi. Joanna ankangoti, "Chabwino."

Tsiku lotuluka, patatha sabata zitatu ndi theka, Wadson anafika pachipata cha chipatala kusanatenthe. Anabwera ndi ngolo. Anali ataitsuka, atayalamo matiresi atsopano ndi chitenje chamaluwa, atamanga ndi kadenga ka nsungwi kotchinga dzuwa. Lamba wa tayala anali atamutaya, m'malo mwake munali wansalu wofewa. Pachifuwa cha Sajeni panali chipsera chokhwinyata, chopanda ubweya, chachikulu ngati chikhatho.

Joanna anatuluka pang'onopang'ono, atawonda, amayi ake atanyamula mwana. Patsogolo pawo panali a Ezara, malume ake, munthu wamtali wa jekete lakuda. Pafupi ndi chipata panaima kagalimoto ka abusa a ku Zemba.

"Mwaswera bwanji, amalume?" Wadson anagwada.

"Taswera, apongozi. Ngolo yokongola. Mwabwera kudzatenga chimanga cha yani?"

"Ndabwera kudzatenga amake Chitho."

"Oo. Ife timayesa kwanu munthu amakwera ngolo pokhapokha akatsala pang'ono kufa." A Ezara anayang'ana bulu, naloza chipsera ndi ndodo yawo. "Pepani ndi matenda a m'bale wanuyu. Tinamva kuti munalira kwambiri pamtsinje."

"Amalume, ndinalakwa. Mutu unasokonezeka."

"Mutu susokonezeka, apongozi, umangoulula. Ife kwathu mkamwini ndiye amabwera kwa mkazi. Inu munapempha chitengwa, tinakupatsani mwana wathu ali wathunthu, tinati mukamusunge. Chibale ndi fupa, sichiola. Tabwera kudzatola fupa lathu lisanathyoke."

"Ndilankhule naye yekha, chonde."

A Ezara anayang'ana Joanna. Iye anagwedeza mutu, ndipo akuluwo anapita kukaima pagalimoto.

"Jo," anatero Wadson, "ndinafunsa anamwino. Zinali zisanu ndi zinayi. Mfundo zako. Ndikudziwa tsopano."

"Zimenezo zinali zoyamba. Anazitaya kalekale."

"Zatsopanozi ndidzaziwerenga mmawa uliwonse. Sudzagwira mtanga, sudzatunga madzi. Miyezi itatu, isanu, chaka, ngakhale amayi avomera. Taona, ndakumangira denga. Tiyenda pang'onopang'ono ngati tsiku lija la mvula. Ukukumbukira?"

"Ndikukumbukira. Ndinalikumbukira ndi pamtsinje paja." Joanna anapuma kaye, dzanja lili pamimba. "Za mtanga ndikanakhululuka, abambo a Chitho. Njala imaopsa aliyense. Za mankhwala a bulu ndikanakhululukanso, munachita mantha. Koma pamtsinje paja tinali awiri otuluka magazi. Munamva ndani?"

"Madzi akatayika..."

"Sawoleka. Mwamaliza nokha."

"Ndiye ukwati watha?"

"Sindikudziwa. Funsani a Agostino anu. Paja anati bala lolowa dothi salitseka pamwamba. Mwana ndi wanu, njira ya ku Zemba mukuidziwa. Koma musabwere ndi ankhoswe mawa kapena mkuja kuti tisoke msanga anthu asaone."

Anayenda mapazi atatu kufika pamene panaima Sajeni. Anaika chikhatho chake pachipsera chija, nachisiya pomwepo kanthawi. Buluyo anatsitsa mutu, namununkhiza chitenje.

"Iwe ndiye unandinyamula," anamuuza chapansipansi. "Unali ndi masiku atatu otsala, koma unakoka. Tsala bwino."

Kenaka anapita kugalimoto, a Ezara namutsegulira chitseko chakutsogolo. Sanacheuke.

Wadson anaima pachipata mpaka fumbi litatha. Mayi wina wogulitsa mbatata zootcha anamufunsa ngati ngoloyo ikupita cha kwa Zingalume, kuti akwezeko thumba lake. Anapukusa mutu. Anakwera, nagwira chingwe, ndipo Sajeni anayamba yekha ulendo wakwawo, pang'onopang'ono, matiresi atsopano ali yale kumbuyo pansi pa kadenga ka nsungwi. Njira inatalika kwambiri tsiku limenelo.